Matambula pa Thireyi

Matambula ndi amene anandiulula.
Ine ndinali ndisanauze munthu,
koma pa thireyi ankalira okha, ngwengwengwe,
nyanja ili bata, sitima isananyamuke n'komwe pa Kadıköy.
Mayi wina wa mpango wobiriwira anayang'ana dzanja langa,
ine n'kunamizira injini.

Zaka khumi ndi zinayi ndikugulitsa tiyi
pakati pa magombe awiri a Istanbul,
mphindi makumi awiri kupita, makumi awiri kubwera.
Masitepe a sitimayi ndimawadziwa ngati mano anga.
Nanga n'chiyani chinkandidzutsa kumzikiti asanaitane,
malaya atanyowa,
ndikuwerengera lendi ya mwezi umene sunaoneke,
chifuwa cha bambo, mayeso a Defne,
ndi mawu amene bwana sananene, koma mwina adzanena?

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Kwa ine ng'oma inkalira m'chifuwa
popanda chobwera.

Mlongo wanga Nergis ndi namwino ku Üsküdar.
Sanandinyengerere. Anati, Tuncay, chimenecho chili ndi dzina,
ndi nkhawa, si kuti mtima ukuima,
komabe pita akakupime, tisamangolota.
Ndinapita. Mtima uli bwino, anatero dokotala,
kenaka: kodi mumamwa matambula angati patsiku?
Ndinati khumi ndi asanu. Anavula magalasi.

Tsopano ndimamwa anayi.
Mutu unandiwawa sabata yathunthu.

Ikabwera, poti imabwerabe,
imayambira pakhosi ngati kolala yothina.
Ndimatula thireyi pa kauntala.
Ndimakoka mpweya ndikuwerenga mpaka kanayi,
n'kuutulutsa motalikirapo, ngati ndikuuzira tiyi wa mwana.
Kenaka ndimatchula zimene maso akuona,
osati zimene mutu ukupeka:
chingwe chonyowa, nsapato yomasuka ya mnyamata,
mbalame yoyera ikuwakha nyenyeswa m'malere,
dzimbiri pa bawuti yachitatu.
Nthawi zina zimathandiza msanga.
Nthawi zina timafika pa Karaköy mtima usanakhale m'malo.

Nergis anandipatsanso kabuku ka chikuto chofiira.
Nkhawa uzipangana nayo nthawi, anatero, ngati wangongole.
Ndiye ikandikoka malaya masana ndimati, madzulo, ubwere madzulo.
Ndikaweruka ndimakhala pabenchi pafupi ndi ogulitsa nsomba
n'kulemba zonse kwa mphindi khumi ndi zisanu.
Kumanzere, zimene manja anga angagwire:
kuimbira mwininyumba, kuperekeza bambo kuchipatala Lachinayi.
Kumanja, zimene si zanga:
chivomezi, kukwera kwa mitengo, zimene anthu akundiganizira.
Tsamba la kumanja limadzaza msanga.
Ndimalitseka choncho.

Dzulo ndinabwerera ku masamba a Malichi.
Mwa zinthu makumi atatu zimene ndinkaopa
zinachitika ziwiri,
ndipo chimodzi ndinali nditachiiwala kale.

Ndinamuuza Sabri, womanga zingwe uja,
tikudya buledi wa chitowe kumbuyo kwa sitima.
Ndinkayembekeza kuti aseka.
Iye anangoti maso dwii pa thovu la m'madzimo,
kenaka anati, ine imandigwira m'basi, tikafika pamlatho.
Zaka zisanu ndi ziwiri tikugwira ntchito limodzi,
aliyense akubisira mnzake katundu yemweyo.

Sindinachire ngati mmene chimapolera chilonda.
Lolemba lapitali ndinataya tiyi pa thalauza la munthu,
ndipo usiku wonse ndinkapepesa kwa denga.
Koma kunacha, ndinavala, ndinapita.

Lero mphepo ikuchokera kumpoto, nyanja yachita makwinya.
Matambula akulira pa thireyi.
Ndaima, ndamvetsera dzanja langa.
Ulendo uno ndi mafunde chabe.

Tiyi! Tiyi wotentha!
Ndani sanalandire?